Nsalu Yosamwa Thukuta

"Ndati sindivala, alamu. Ine munthu ndivale mpando?"

Veerpal anali atakokera mpango kumaso, monga achitira mkazi aliyense pamaso pa mkulu wa mwamuna wake, koma mawu akewo anatuluka osafunda kanthu. Pabwalo pomwepo apongozi ake aakazi, mayi Tejo, anasiya kukanda ufa wa chapati, manja ali m'mbale momwemo.

Balkar, mlamu wakeyo, anafunyulula mpukutu wa nsalu pa bedi la zingwe. Inali yofiira ngati chiwindi, ya maluwa agolide, yaubweya pamwamba, kunsi kwake yomatidwa pulasitiki woyera.

"Wati uvale mpando ndani? Tikuti usoke malaya ndi buluku, uvale tsiku limodzi, ukaonekere kwa a kasitomu. Tsiku limodzi lokha! Ufa nalo?"

"Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikusoka nsalu ya mtundu umenewu m'shedi yanu yopangira mipandoyo. Masingano amene yandithyolera ndi osawerengeka. Iyi ndi ya sofa. Ngakhale wakhungu ataikhudza angakuuzeni."

"Buku la msonkho lilibe zala, mlamu. Lili ndi mizere iwiri yogundizana. Wapamwamba ukuti nsalu ya poliyesitala yokutira mipando. Wapansi ukuti nsalu ya poliyesitala ina iliyonse. Wapamwambawo msonkho wake ndi wodula khosi, ndiye ife tinalemba wapansi. Kontena ya nsaluzi aigwira ku Ludhiana, ino ndi sabata yachitatu. A Chhabra, ejenti wathu, akuti nsalu siyankhula, imakhala chimene mwini wake wanena. Akaona mwini wakeyo waivala pathupi, atsutsa bwanji?"

"Ndiye avale akazi anu. Thupi ali nalo lokwana sofa ya anthu atatu."

"Pakamwa pakopo! Mwini kampani ndiwe. Dzina lili pamapepala ndi lako."

Veerpal anadzutsa mutu.

"Mapepala ati?"

"Amene unasaina."

"Aja munabwera nawo maliro a mwamuna wanga Jagtar asanathe? Munati ndi a inshuwalansi ya malemu."

"Anakuletsa kuwerenga ndani?"

"Anali m'Chingerezi, alamu, ndipo mukudziwa pamene ndinalekezera sukulu. Bwanji simunalembe dzina lanu?"

"Langa linapsa kale kwa a kasitomu kuja. Akangoliona amatsegula katoni iliyonse. La mkazi wamasiye ndani angalikayikire?"

Ananena zimenezi mosaphethira, ngati munthu amene akufotokoza nzeru yoti anzake amuyamikire. Kwathu kuno ziliko zotere. Mukawerenga zikwangwani za m'tauni mungaganize kuti akazi ndiwo olemera, pakuti mafakitale ali m'maina awo, malole ali m'maina awo. Eni mainawo mukawapeza kuseri akuumba ndowe zophikira.

Bambo Nachhattar, apongozi aamuna, anali chikhalire pansi pa mtengo, akusisita ndevu ndi dzanja lawo la zala zinayi. Chachisanu chinatsala pa makina ochekera matabwa kalekale. Anatsokomola, ndipo onse anadziwa kuti mlandu wafika pogamula.

"Mwana wanga, mutu umodzi susenza denga. Kontenayo ikapita, shedi yatsekedwa. Amisiri asanu ndi mmodzi adya chiyani? Iweyo udya chiyani?"

"Bambo, nanga akandigwira bodza? Wopita kundende ndani?"

"Mkazi samumanga. Amangomukalipira."

"Ndikakana?"

Mkuluyo sanakweze mawu. Sankakweza mawu chikhalire, n'chifukwa chake ankaopsa.

"Chipata ndi icho. Basi ya kwanu ku Moga imadutsa kawiri patsiku. Koma Nimrat ndi magazi a Jagtar. Mwana wa nyumba ino sakwera basi imeneyo."

Veerpal anayang'ana kukhonde kumene mwana wake wa zaka zisanu ndi ziwiri ankalemba ntchito ya kusukulu atagona chafufumimba, miyendo ikugwedezeka m'mwamba. Anatembenukira kwa mayi Tejo, poganiza kuti mkazi mnzake amumvera chisoni.

"Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima," anatero mayi Tejo, nayambiranso kukanda ufa wawo.

Tsiku lotsatira anaimbira foni mlongo wake wa ku Moga, atabisala kuseri kwa khola la njati zoweta.

"Achimwene, nditabwera ndi mwana mungatilandire?"

"Ndi mwana? Akupatsa?"

"Sakundipatsa. Ndingomutenga."

"Kuti abwere kuno ndi apolisi? Mlongo wanga, zipinda zathu ndi ziwiri, ukuzidziwa. Ndiponso amene uja ndi mlamu wako, si mdani. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Chovala n'chiyani? Vala, zithe."

Choncho anasoka. Makina ake a m'nyumba anaikana nsaluyo, anangolira kawiri n'kuthyola singano. Anachita kupita nayo kushedi, pa makina aakulu osokera makushoni, ndi ulusi wa nailoni. Amisiri anamva nkhaniyo msanga, pajatu m'shedi mulibe chinsinsi.

"Alamu, siponji tiike yokhuthala bwanji?"

"Miyendo tikhome inayi kapena iwiri yomweyo ikwana?"

"Mukamabwerera mudzere kuno, pali kasitomala akufuna ya mtundu womwewo!"

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Veerpal anaweramira makina, misozi ikugwera pansalu, ndipo madonthowo ankangogubuduka pamwamba osalowa.

Atayesa chovalacho, manja a malaya anaima okha ngati mapaipi. Buluku linkalira khwakhwakhwa akaponya mwendo. Chiyambire imfa ya Jagtar, mayi Tejo anali asanamulolepo kuvala kanthu kofiira, ngakhale kansalu kopukutira thukuta. Tsiku limenelo anamuzungulira kawiri akugwedeza mutu.

"Chakukhala bwino. Zofiira zimakuyenera iwe."

Nimrat anaomba m'manja.

"Amayi, mukuoneka ngati mkwatibwi! Mukupita ku ukwati wa ndani? Ndipita nawo?"

"Ayi, mwanawe. Ndikupita kukaonana ndi anthu a boma. Ndibwera dzuwa lisanalowe."

Lolemba linalo ananyamuka m'mawa pa galimoto ya Balkar. Unali mwezi wa Juni, umene kwathu kuno ndi wotentha kwambiri, mvula isanayambe, nthawi imene ngakhale akhwangwala amakhala kukamwa yasa. Njira yonse Chhabra ankamuphunzitsa zonena.

"Akafunsa kuti mumagulitsa kwa ndani, muziti kwa matelala. Akafunsa kuti amasokera chiyani, muziti zovala za paukwati. Mawu oti sofa asatuluke pakamwa panu, mwamva? Ngakhale atakulozerani sofa n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, muziti simukudziwa."

Atafika, Balkar anaimika galimoto patali, pafupi ndi kanyumba ka tiyi.

"Ine nkhope yanga amaidziwa. Ndidikira kuno."

Anawakhazika pa benchi m'khonde lalitali lodzaza maejenti ndi mafayilo awo. Magetsi anali atazima, mafani ali duu. Ola loyamba Veerpal anapirira. Lachiwiri anayamba kumva ngati amukulunga m'thumba la feteleza n'kumuika padzuwa. Thukuta linkatsika m'khosi, kudutsa pamsana, kutsetsereka m'miyendo, lopanda potulukira. Msoko wa nailoni unkamucheka m'khwapa. Amuna odutsa ankamuyang'ana, n'kuyang'anizana, wina n'kutsinzinira mnzake. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Ankangobwereza dzina la mwana wake mumtima kuti asakomoke.

Ola lachitatu litatha anawaitana. Wofunsa anali mayi wachikulire wa magalasi, tsitsi lake la imvi atalimanga kumbuyo. Patebulo pake panali kachidutswa ka nsalu yomweyo, atakabaya pa fayilo.

"Eni kampani ndinu?"

"Ndine, madamu."

"Nsaluyi mumagulitsa kwa ndani?"

"Kwa matelala."

"Nditchulireni telala mmodzi."

Chhabra analumphira. "Madamu, monga mukudzioneramu, nsaluyi ndi yovala. Mayiwa amavala imeneyi masiku onse, ndi fashoni ya kumudzi kwawo. Choncho mzere woyenera m'buku ndi wapansi uja, pakuti lamulo likuti..."

"Bambo Chhabra, lamulo ndimalidziwa. Tatulukani kaye."

Chitseko chitatsekedwa, mayiyo anavula magalasi n'kumuyang'ana Veerpal nthawi yaitali.

"Mchemwali, taonani bulauzi yangayi. Taonani malaya a mlembi wangayo. Tonse muno tanyowa ngati tagwa m'ngalande. Inu nokha ndinu wouma gwa, mulibe ndi kadontho komwe pamsana. Tsopano yang'anani pansi."

Veerpal anayang'ana. Mozungulira patapata zake panali chithaphwi, ndipo madzi ankadonthabe kuchokera m'miyendo ya buluku. Anafuna nthaka itang'ambika.

"Si zimene mukuganizazo, madamu. Ndi thukuta."

"Ndikudziwa kuti ndi thukuta. Nsalu yovala munthu imamwa thukuta. Iyi anaimata kunsi kuti mwana akatayira tiyi pampando, tiyiyo asalowe m'siponji. Ndimadikira zotsatira za akatswiri oyeza nsalu, koma inu mwandiyezera kale. Imwani madzi awa."

Veerpal anamwa madziwo.

"Wakuvekani ndani chinthu chimenechi?"

"Ndasoka ndekha."

"Zimenezo ndaona, msoko wake ndi wa pakushoni. Ndikufunsa amene wakutumani. Akazi ngati inu amafika muno mwezi uliwonse. Mwezi watha kunabwera gogo wosaona, ati ndiye amaitanitsa matayala a malole kuchokera kunja. Mverani. Mukanditchulira dzina, choipa chitsata mwini. Mukakhala chete, lamulo liwerenga pepala, ndipo pepala likutchula inu. Pamenepa si nkhani ya kulakwitsa mzere ayi. Mwabwera ndi umboni wabodza, ndipo zimenezi zimakafika kukhoti."

Dzina la Balkar linafika pa lilime. Linali lopepuka, lofuna kutuluka. Koma anaona chipata chija, ndi basi ya ku Moga, ndi mpando wopanda munthu pambali pake.

"Madamu, muli ndi ana?"

"Awiri."

"Amagona kuti?"

"Kunyumba kwanga."

"Nyumbayo ndi yanu?"

Mayiyo anavalanso magalasi ake pang'onopang'ono.

"Lembani kuti zonse ndi zanga," anatero Veerpal. "Kampani ndi yanga, nsalu ndinaitanitsa ndine, mzerewo ndinasankha ndine."

"Mzere wake nambala yanji?"

"Umene walembedwapowo."

"Mlandu suola, mchemwali. Mukasaina apa simudzafafaniza."

"Ndipatseni cholembera."

Mlembi analemba, namuwerengera mokweza m'chinenero chake kuti pasadzakhale zoti sanamve. Ulendo uno Veerpal anamva liwu lililonse, ndipo anasaina.

Pobwerera Balkar anamenya chiwongolero mpaka hutala inalira yokha.

"Chitsiru cha mkazi! Ngakhale thukuta lako lomwe walephera kuligwira? Kontena yonse yapita chifukwa cha madzi a m'thupi mwako!"

"Dzina lanu sindinatchule, alamu."

"Ukanatchula ukanaona."

Kunyumba chovalacho chinakana kuvulika. Chinali chitamatirira m'mene khungu linanyuka, m'khwapa, m'chiuno ndi m'mphechepeche. Mayi Tejo anachita kuchidula ndi sizasi, kenaka anamupaka mafuta a mpiru osakaniza ndi mankhwala achikasu. Manja awo anali odekha.

"Wachita bwino kutseka pakamwa, mwana wanga. Mkazi wanzeru amatero."

Veerpal analira, koma kunena zoona mumtima mwake munali kampumulo. Ankaganiza kuti wagula malo ake panyumbapo, ndipo wagula modula moti palibe amene angamulandenso. Masabata awiri anadutsa mwabata. Zilonda zinayamba kuuma. Ankadzuka m'mawa kukama njati, kuluka tsitsi la Nimrat, kumuperekeza pamsewu, n'kubwerera ku makina.

Kenaka kalata inafika. Katundu walandidwa, ndipo mwini kampani akaonekere kukhoti mwezi wamawa. Wonyamula makalata anaiwerenga panjira monga mwa chizolowezi chake, choncho pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Kukachisi akazi anayamba kumusiyira malo aakulu pomwe wakhala. Wina ananong'ona momveka ndithu kuti, "Ofatsa omwewa. Ati amazembetsa katundu wa ku China." Amene ankanong'onawo ankadziwa bwino lomwe kuti Veerpal sanaionepo ngakhale nyanja imene katunduyo anadzera.

Loweruka m'mawa mayi Tejo analowa m'chipinda mwake akumwetulira.

"Mukonzekeretse Nimrat. Akazi a Balkar akupita ku Hoshiarpur, kwa mwana wanga wamkazi, kuli chinkhoswe. Apite nawo akasangalale masiku awiri. Mwana asamangomva zonong'ona za pamudzi pano."

Veerpal anaona kuti ndi mawu anzeru. Anamusambitsa mwanayo, namudzoza mafuta kumutu, namuluka michira iwiri ya maliboni obiriwira. Anamuikira m'kachikwama madiresi atatu, chipeso, ndi chapati zothira shuga zodya panjira.

"Ukamvere azakhali ako. Usakathamange pamsewu."

"Ndikakubweretserani maswiti a pachinkhoswe, amayi!"

Mwanayo anakwera galimoto akudumphadumpha. Sanacheuke n'komwe, maso anali kale ku ulendo.

Dzuwa lili paliwombo anamuitana pabwalo. Bambo Nachhattar anali pansi pa mtengo wawo, Balkar ataima pambali. Pafupi ndi chipata panali bokosi lake lachitsulo, lija anabwera nalo pa ukwati, litamangidwa kale chingwe.

"Khala pansi, mwana wanga."

Sanakhale.

"Ukudziwa kuti mwana wamkazi wa Balkar akufunsiridwa. Dzulo akuchimuna anatumiza mawu. Akuti sangatenge mkazi m'nyumba imene muli munthu wa mlandu kukhoti. Ifenso apolisi akayamba kugogoda pano, makasitomala athawa. Tagwirizana kuti ubapita kwanu mpaka mlanduwu utatha."

"Mlandu wake wa ndani, bambo?"

"Pepala likuti ndi wako."

"Pepala! Inu simukudziwa mwini wake? Suyu waima apayu? Ndinavala chinthu chija chifukwa cha inu. Khungu langa linatsalira pansalu ija. Mayi wa kasitomu uja anandipempha dzina lake, anandichonderera, ine ndinakana. Munati ndikavala ndikhala!"

"Tinati ukavala kontena ituluka," anatero Balkar. "Yatuluka?"

"Ndibwerera kwa mayi uja. Ndikanena zonse."

"Pita. Unasaina pamaso pake kuti zonse ndi zako, atakuwerengera. Lero ukanene kuti unanama? Wabodza kawiri amumvera ndani? Loya tikupezera, usadandaule, ife si anthu oipa. Koma ukayamba zotchula maina, udzaima wekha."

Veerpal anagwada. Anagwira mapazi a apongozi ake, mpango utagwa, tsitsi lili poyera pamaso pa amuna, iye osasamalanso.

"Chabwino, ndipita. Mlandu ndisenza, ngakhale kundende ndikalowa. Koma ndidikire Lolemba, mwana wanga abwere, ndipite naye."

Mkuluyo anabweza mapazi ake pansi pa bedi.

"Nimrat sabwera Lolemba. Sukulu tamupezera konko."

"Bambo!"

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Azakhali ake amulera bwino."

"Ndikasuma! Mwana ndi wanga, ndinabereka ndine!"

"Kasume," anatero Balkar mofatsa. "Tikaone khoti limene lingapereke mwana kwa mayi wopanda nyumba, amene anavomera ndi dzanja lake kuti ndi wozembetsa katundu."

Apa m'pamene Veerpal anamvetsa chimene anasaina tsiku lija. Anadzuka, nayang'ana uku ndi uku pabwalo ngati munthu amene wataya singano. Mutu wake unakana kunyamula chinthu chachikulucho, unangogwira kakang'ono. Anatembenukira kwa mayi Tejo, amene anaima pakhomo la khitchini.

"Amayi, ndamuikira madiresi atatu okha. Yunifolomu ili pachingwe. Juzi yake, mabuku ake, mankhwala ake a chifuwa, zonse zatsala. Akavala chiyani mwana wanga?"

Mayi Tejo anapukuta manja pa mpango wawo, maso ali pansi.

"Usavutike nazo. Zinazo ndinalongedza kale dzulo, iwe uli ku makina."